Mpeni wa ku Joni ndi Chala cha Amayi

Thambani,
Mwanza.
21 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Dunstan,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Anne ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi ukali, m'mawa madzi a mu ndowa sagwirika. Manachesi abereka mpaka nthambi kuthyoka, ndiye ine tsiku ndi tsiku ndili kumsewu ndi dengu langa. Alamu anu a Sungani ali kalikiliki kudimba, akuti ndikupatseni moni.

Musadabwe kuti ndalemba pa pepala ngati masiku akale. Pa gulupu ya banja paja munthu sumaliza nkhani. Ukamalemba mawu awiri, mng'ono wanu Godwin waponya kale ake, mkazi wake Fiona waikapo kachithunzi ka manja opemphera, basi nkhani yathera pomwepo. Ndiye ndapempha a Luckson, athiransipota omwe aja anabweretsa katundu wanu, kuti akupatseni kalatayi pamanja. Mukhale pansi muwerenge yonse, musadumphe. Munanena kuti pakutha pa mwezi uno mupereka mawu anu monga mwinimbumba, kaya amayi akhalebe pakhomo pawo pano, kaya Godwin awatenge akakhale nawo ku boma. Ine ndikufuna muyankhule mutamva zonse, ndi zomwe zimene sindinauze munthu.

Ndiyambire pa mpeni. Mukukumbuka amayi anakudandaulirani pa foni kuti kampeni kawo kanasowa pa maliro a a Malcolm a m'mudzi muno. Inu amuna zimenezi simuzidziwa, mumangokhala pansi pa mtengo kudikira mbale. Kuseri kophikira kuja mayi aliyense amabwera ndi mpeni wake, ndipo pobalalika mipeni imasintha eni ake. Palibe amene amaba ayi, umangozindikira kuti wapita. Ka amayi kanali kaja kothyoka chogwirira, kamene anakakulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, koonda chifukwa chonoledwa zaka ndi zaka. Inu munamva chisoni, ndipo poti mumagwira ntchito m'khitchini ya hotela, munati amayi anu sangavutike ndi mpeni inu mulipo. Mtima umenewo ndi wabwino, achimwene, ndipo palibe amene angautsutse.

Tsiku limene a Luckson anafika ndi bokosi lija pakhomo pano panadzaza anthu. Bokosi lakuda, lolemera, m'kati mwake kansalu kofewa, mpeni utagona pakati ukung'anima. A Nachisale oyandikana nafe aja anathamangira kuno ndi ufa m'manja, osasamba n'komwe. A Sungani anauyesa pa ubweya wa pamkono, ubweya n'kungoyoyoka, iwo n'kuti, "Akulu sananame, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa." Wina anafunsa mtengo wake, a Luckson n'kunena kuti ndalama yake kuno ungagulire mbuzi yaikazi. Amayi anautenga mpeniwo. Anangoupukuta ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Dunstan sanandiiwale."

Ine nditaunyamula mtima unandiuza kanthu. Kulemera kwake si kwamasewera, ndipo m'lifupi mwake ndi ngati chikhatho changa. Ndinati, "Amayi, uwu ukhale wa nyama ndi maungu. Wa masamba ndikugulirani wina ku msika."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mwana wanga atumize mpeni kuchokera kutali konseko, ine ndiziudikiritsa Khirisimasi? Nyama timadya kangati pano?"

Ndinangowasiyira mpeniwo, mukuwadziwa.

Tsopano apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Inu kumeneko mumadulira pa thabwa. Ndinakuonani pa vidiyo ija munatumiza muli ku ntchito, mpeni ukugogoda thabwa, anyezi akungosanduka mulu. Koma amayi, monga mayi wina aliyense wa kuno, ndiwo amadulira m'manja. Amasonkhanitsa mpiru, n'kuufinya ndi dzanja lamanzere kuti ukhale kamtolo kolimba, kenaka mpeni umadutsa kunsonga kwa kamtoloko, pafupi penipeni ndi zala, masamba n'kumagwera m'lichero limene lili pamiyendo. Mpeni umayenda moyandikana ndi chala nthawi zonse. Chimene chimapulumutsa munthu n'chakuti mpeniwo ndi wopepuka, ndipo ukangokhudza khungu umamva msanga n'kubweza dzanja. Ndipo mukudziwa kuti m'mudzi muno palibe wodula mpiru woonda kuposa iwo. Pa ukwati uliwonse amayi anzawo amangowakankhira dengu la masamba, amvekere, "Izi ndi za a Nangozo."

Sipanapite nthawi. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, ine ndikuanula zovala kwanga, ndinapita kukapempha moto. Ndinawapeza atakhala pakhonde, chitenje chili magazi okhaokha, chala chachikulu chitatseguka. Sanakuwe, achimwene, sanaitane munthu. Anangoti, "Taona Peggy, mpiru wawonongeka." Ine ndinati m'mtima, koma mayi awa ndi olimba mtima. Tinawamanga, tinawakweza kabaza mpaka kuchipatala chathu chino cha ku Thambani, anawasoka, tinabwerera.

M'mawa mwake Godwin anatulukira pa njinga yamoto, Fiona ali kumbuyo ndi bulangete latsopano la amayi. Asanamwe n'komwe madzi anayamba.

"Achemwali, izi ndi zizindikiro," anatero. "Lero ndi chala, mawa agwera pamoto. Inu tsiku lonse muli kumsewu ndi manachesi, alamu ali kudimba, akuwayang'anira ndani? Kwathu chipinda chilipo, chipatala chachikulu chili pafupi, wantchito aziwaphikira. Iwo azikangokhala."

"Azikangokhala?" ndinatero ine. "Amayi ako omwewa? Unawaonapo liti atangokhala?"

"Ndiye mukufuna tidikire chichitike chachikulu?"

"Chachitika n'chaching'ono, ndipo wolakwa ndi mpeni. Ngakhale iweyo ndikupatse chimpeni chimenechi udulire mpiru m'manja, tikusoka lero lomwe."

Fiona analowererapo mwaulemu, anati, "Alamu, ife sitikukangana nanu, tikungoopa." Ndinamuyankha kuti kuopa n'kwabwino koma sikusamutsa munthu pakhomo pake. Amayi nthawi yonseyi anali m'khitchini mwawo, akumva zonse, akusonkhezera moto ndi dzanja labwinolo. Sanatuluke mpaka alendo anapita.

Godwin sindikumunena, amawakonda amayi ake, ndipo Fiona ndi mkazi wa mtima wabwino. Koma iwo amabwera Loweruka n'kubwerera Loweruka lomwelo. Ine ndi amene ndimaona. Chimwalirireni abambo, chimene chimawadzutsa amayi m'mawa ndi khitchini ija. Amasesa, amayatsa moto, amaphika ndiwo zoposa mimba yawo, kenaka amakhala pakhonde kudikira wodutsa woti amuitane. Ana a sukulu, a Nachisale, ogula mbuzi, aliyense amadziwa kuti kwa a Nangozo suchokako ndi njala. Ku boma akadya chophikidwa ndi munthu wina, atakhala pa sofa, akuonera geti. Ine ndimaopa kuti kumeneko sakatha chaka, ndipo ndikunena izi mopanda kuzungulira.

N'chifukwa chake ndinalemba pa gulupu kuti vuto ndi mpeni wa ku Joni. Ndikudziwa zinakuwawani. Munangoyankha kuti, "Pepani, ndimafuna kuthandiza," kenaka munati mutumiza wina wodula womwewo koma waung'ono. Ine ndinakana, ndinati wa ku msika ndi wokwanira, ndipo ndidzasonyeza aliyense.

Tsiku la msika ndinapita kwa Tiyese, mayi uja amayala mapoto, masefa ndi mipeni pa chiguduli pafupi ndi ogulitsa usipa. Nkhani ya chala anali ataimva kale, kuno chinthu sichibisika.

"Ukufuna wa pakhomo kapena wopita nawo ku maliro?" anandifunsa.

"Pali kusiyana?"

"Iii, Peggy, ngati ndiwe mlendo. Wa ku maliro ndi uwu wa chogwirira cha pulasitiki, ukasowa sudwala nawo mtima. Wa pakhomo ndi uwu wa chogwirira cha mtengo, umatha chaka misomali yake isanayambe kugwedera."

Ndinaitola umodzi umodzi, kuiyesa m'manja, kuipinda pang'ono, kuikanda ndi chikhadabo. Tiyese mpaka anatopa nane, amvekere, "Ukusankha mpeni kapena mwamuna?" Ndinatenga wa mtengo, wopyapyala, wopepuka ngati supuni. Kunyumba ndinaunola pa mwala uja wa pansi pa mtengo wa mango, osati kwambiri, mongokwanira masamba. Ndinali wokhutira, achimwene. Ndinkati mpeni wotchipa ndiye wathu. Ukabuntha umangoukhwekhweza pamwala, wadzuka. Mnzako akabwereka sugona ukuuganizira. Umasenda chinangwa, umadula chingwe cha mbuzi, umatsegula chitini, ukathyoka ugula wina. Wanu uja ndinaubwezera m'bokosi mwake n'kuuika pamwamba pa kabati.

Bala litapola, ulusi atauchotsa, ndinaimbira Godwin. Ndinati, "Bwera ndi mkazi wako Loweruka, mudzaone nokha ngati amayi akalamba." Anabwera. Ndinathyola mpiru wabwino kudimba, ndinayala mphasa pakhonde pamene pamawomba dzuwa, amayi anakhala, lichero pamiyendo. Ndinawapatsa mpeni wa kwa Tiyese. Anaugwedeza m'manja, anamwetulira, anati, "Eya, uwu ndiye mpeni wa munthu."

Zotsatira munaziona, chifukwa Fiona anajambula vidiyo n'kuiponya pa gulupu, inu munaikapo ndi kamtima kofiira. Dzanja likuyenda ngati kale, mpiru ukugwa woonda ngati ulusi, iwo osayang'anako n'komwe, akufotokozera Fiona za mbuzi yawo imene inabereka mapasa. Godwin anangogwira chibwano. Ine ndinaimirira pambali, manja m'chiuno, mtima uli mbee. Fiona atazimitsa foni ndinati, "Nanga bwanji, bwana? Tiwanyamule?" Godwin anaseka, anati, "Achemwali, mwawina."

Tsopano ndikuuzeni chimene vidiyo sinaone.

Nditawerama kuti nditenge lichero, ndinaona madontho ofiira pa masamba. Ndinayang'ana dzanja lawo lamanzere. Chala cha mkombaphala chinali chitachekeka chapansi, mbali imene Godwin sakanaona, magazi akutsikira m'chikhatho mpaka pamkono. Ndipo amayi anali akuyankhulabe za mbuzi, akuseka. Nkhope yawo inali ya munthu amene sakumva chilichonse. Achimwene, ndinazindikira kuti balalo sakulimva. Mpeni wake unali wanga uja, wopepuka, wosankha ndekha, wonola ndekha.

Sindinaganize kawiri. Ndinalanda lichero, ndinawaponyera kansalu m'manja n'kuwafumbatitsa, ndinati, "Pukutani, amayi, mpiru umadetsa." Iwo anayang'ana pansi, anaona, kenaka anandiyang'ana ine. Sanadzidzimuke. Anangolowetsa dzanjalo m'chitenje n'kupitiriza nkhani. Ine ndinalowa m'khitchini, mpiru uja ndinatayira kudzala, ndinadula wina ndekha. Godwin anadya, anawonjezera, anayamikira kuti mpiru wa amayi ake sufanana ndi wa munthu wina. Pochoka analemba pa gulupu kuti amayi ali bwino, nkhani ya ku boma ikhoza kudikira mawu anu.

Njinga itangozimiririka ndinakhala pafupi nawo. Ndinatsuka balalo, silinali lakuya, ndinalimanga. Kenaka ndinatsina nsonga ya chala china mwamphamvu.

"Mukumva?"

"Ndikuona kuti ukunditsina."

"Sindinati mukuona, amayi. Mukumva?"

Anayang'ana zala zawozo. Kenaka anati, "Zinayamba dzinja lathali. Poyamba zinkachita dzanzi m'mawa mokha. Pano zili ngati ndavala zala za munthu wina. Kumapaziku n'chimodzimodzi."

"Ndiye tsiku lija la mpeni wa a Dunstan?"

"Ndinadziwira magazi."

Ndinalira, achimwene, sindikubisirani. Ndinalira ndi mkwiyo womwe. Ndinati, "Mwandisiya ine ndikulimbana ndi Godwin, ndikunyoza mphatso ya mwana wanu pa gulupu, inu mukudziwa?"

Anati, "Unkalimbana bwino. Ndikanakuuza ukanafooka." Kenaka anandigwira mkono ndi dzanja lomangalo. "Peggy, ukawauza anditenga. Ine ku boma ndikakhala mlendo mpaka imfa. Pano ndi pamene ndinakwirira michombo yanu nonse."

Ndinawauza kuti za kuuza anthu tikambirana, koma kuchipatala tipita, afune asafune. Lolemba tinapita. Adokotala anawabaya pachala kuti ayeze magazi, iwo n'kufunsa kuti, "Mwayamba?" Adokotala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Apeza kuti ndi matenda a shuga, ndipo akuti akhala nawo nthawi yaitali osadziwika, ndiwo apha zalazo. Awapatsa mankhwala, awaletsa shuga wa mu tiyi ndi zina zambiri, ndipo atilembera kuti mwezi wamawa tikaonane ndi a ku chipatala cha ku boma. Ndinafunsa ngati zala zidzabwerere. Anati mankhwala athandiza kuti zisapitirire, koma zimene zapita tisaziyembekezere kwambiri. Anachenjezanso kuti bala la munthu wa shuga limavuta kupola, choncho asamadzicheke, asamapse, asamayende opanda nsapato.

Pobwerera amayi anakwera kabaza, ine ndinayenda wapansi dala kuti ndiganize. Ndinaona kuti tonse tinali kukangana pa chinthu cholakwika. Inu mumati wodula, ine ndimati wotchipa, Godwin amati asagwirenso mpeni. Koma chimene chatha si amayi, ndipo si khitchini yawo. Chatha ndi kudulira m'manja. Kadulidwe kameneka kamadalira chala chakumva, ndipo chala chakumva palibenso.

Ndinakhotera kwa a Stafford, akalipentala aja a kuseri kwa chigayo, ndinawapempha andipalire thabwa lochindikala, losalala, lokwana pamiyendo. Anadabwa, anati, "Mukutsegula lesitilanti?" Ndinati pangani basi. Nditafika nalo kunyumba nkhondo inabuka.

"Ndiwo zodulira pa thabwa ndi za kuhotela," amayi anatero. "Ine ndakalamba ndi manja angawa, lero ndiyambe kusema mpiru ngati mmisiri? A Nachisale akandiona aziti chiyani?"

Ndinati, "Amayi, njira zilipo ziwiri. Thabwa pano, kapena sofa kwa Godwin. Sankhani nokha, ine sindikukakamizani."

Sanandiyankhulitse tsiku lonse. M'mawa mwake ndinapeza thabwa lija alitsuka, aliyanika pa thandala.

Tinayamba ndi mpeni wa kwa Tiyese, ndipo apa ndiye museke, achimwene. Pa thabwa kampeni kaja n'kachabechabe. Kamapindika, kamaterereka, kamangofinya masamba osawadula, ndipo poti n'kochepa m'lifupi, zala zimagunda thabwa mpeni usanafike pansi. Amayi anayamba kukankha ndi mphamvu, ine n'kuona kuti ngozi ina ikubwera. Ndinakwera pa mpando, ndinatsitsa bokosi lanu lakuda. Ndinatsegula vidiyo yanu ija ya ku ntchito, tinaionera mobwerezabwereza mpaka foni inatentha, kuyang'ana mmene mumapindira zala m'kati ngati phazi la mphaka, mpeni n'kumatsamira pa mfundo za zala, kukamwa kwake kuli kutali ndi nsonga. Amayi anati, "Taona mwana uyu, anaphunzira kuti zimenezi?" Ndinaona kuti akunyadira ngakhale anali atakwinya nkhope.

Mpeni wanu pa thabwa ndi chinthu china. Sufuna mphamvu, umatsika wokha ndi kulemera kwake. Kukula kwake kumene ndinkadana nako ndi kumene kumatchinga zala. Ndiye ndikubweza mawu anga amene ndinalemba pa gulupu. Mpeni wanu sunalakwe, ndipo wanga sunalakwe, uliwonse uli ndi kagwiridwe kake. Wa kwa Tiyese ndautenga ine, ndi umene ndizipita nawo ku maliro. Wanu ndi wa amayi, ndipo ndalamula kuti usatuluke pakhomo pano, usabwerekedwe, ndipo a Sungani asayerekeze kuukhwekhweza pa mwala wa pa mango. Mutitumizire chonolera chake choyenera, ndi kavidiyo kena kosonyeza kanoledwe kake, koma muzichita pang'onopang'ono, osati mothamanga ngati mukuthawa bwana.

Musaganize kuti zayenda ngati madzi. Mpiru woyamba unatuluka zikuluzikulu. Amayi anauyang'ana, anakankha thabwa, anati, "Izi ndi zodyetsa mbuzi." Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo ine zinandipweteka kuposa tsiku la magazi lija. Munthu amene mudzi wonse umamupatsa ulemu chifukwa cha dzanja lake, lero akuphunzira ngati mtsikana wongoyamba kumene. Ndinaphika mpiru womwewo, tinadya. Koma tsiku lotsatira anadulanso, ndipo pano ukuchepera. Sudzafika pa ulusi uja, ndikudziwa, iwonso akudziwa. Dzulo a Nachisale anawapeza ali pa thabwa, anaima n'kumayang'ana. Amayi sanadikire funso, anati, "Ndi mmene amadulira ku Joni, mwana wanga wandiphunzitsa pa foni." A Nachisale anachoka akufunsa kuti a Stafford thabwa amapala tsiku lanji.

Za moto ndi mapoto otentha ndaziganiziranso. Ndasamutsa ziwiya zanga, tsopano tikuphikira khitchini imodzi, ya amayi. Mukudziwa nokha kuti ine ndi amayi khitchini imodzi ndi milandu tsiku lililonse, akuti ndimathira mchere ngati ndikukwiyira munthu, akuti moto wanga ndi wa anthu aulesi. Zilibe kanthu. Iwo amadula, amatakasa, amalawa, amalamula. Chilichonse chochoka pamoto ndimaphula ndine. Kumsewu ndikupita m'mawa mokha, dzuwa likafika pamutu ndabwerera, manachesi otsala amandigulitsira mnzanga. Madzulo ndimawayang'ana manja ndi mapazi ndisanapite kwanga. A Sungani avomera zonsezi, anangoti bola ndiwo zizikhalapo.

Godwin sakudziwabe. Sindikufuna kumubisira mpaka kalekale, ndi mwana wawo, ndipo mwezi wamawa tikapita ku chipatala cha ku boma tidzafikira kwake. Ndidzamuuza ndekha, pamaso, ndi za lichero zomwe. Adzakwiya, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Adzanena kuti ananena, ndipo n'zoona ananena, anaona chimene ine ndinakana kuona. Koma mankhwala ake, oti amayi asamukire ku boma, ndi amene ndikuwakana. Akamva za shuga adzabwera ndi galimoto tsiku lomwelo, ndipo amene angamuimitse ndi inu nokha. N'chifukwa chake ndayamba ndi inu.

Pempho langa ndi limeneli, achimwene. Amayi akhale pano. Sindikulonjeza kuti sadzadzichekanso, ndingakhale wabodza. Ndikulonjeza kuti ndilipo, ndipo tsiku limene ndidzaone kuti zandikulira ndidzanena ndekha, sindidzaponyanso kansalu pamwamba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani iyi wamva m'mimba ndine.

Mupereke moni kwa alamu a Anne, muwauze kuti nsapato zofewa zija anatumiza chaka chatha tsopano zapeza ntchito, amayi akuvala ngakhale akudandaula. Moni kwa Melvin ndi Sarah, muwauze kuti agogo awo amawatchula m'pemphero tsiku lililonse. A Nachisale akuti moni. A Sungani abwerezanso moni wawo.

Moni wa amayi ndausiya kumapeto dala. Kalatayi ndalembera pakhonde pawo masana ano, iwo ali pambali panga akusankha nyemba. Anandisiya ndilembe mpaka pepala lomaliza, kenaka anafunsa osandiyang'ana.

"Ukulembera Dunstan?"

"Eya."

"Wamuuza?"

"Ndawauza zonse, amayi."

Ndinayembekeza kuti akalipa. Anangopitiriza kusankha nyemba, akuziyang'anitsitsa pafupi chifukwa zala sizisiyanitsanso nyemba ndi kamwala. Patapita nthawi anati, "Chabwino. Umuuze kuti ndili bwino, ndikudya. Umuuze kuti ndine mayi wake koma mwinimbumba ndi iyeyo, chimene anene ndidzamvera. Akati ndikhale, anene pa foni pomwepo, ndimva. Koma akati ndichoke pano, asatume Godwin, asalembe pa gulupu. Abwere yekha, adzakhale pakhonde pano, adye ndiwo zodula ine, akatha adzandiuze akundiyang'ana."

Ndalemba monga ananenera, sindinachotse kapena kuwonjezera. Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Peggy